Vaaljapie, Massey 35 kapena Fordson Major: mugule iti?

Mukazungulira m'maploti a ku Walkerville, De Deur kapena kunja kwa Benoni, madera ozungulira Johannesburg, mathirakitala akale amene amagulitsidwa kawirikawiri ndi atatu: Ferguson TE20 yotuwa ija imene Mabunu amaitchula kuti Vaaljapie, Massey Ferguson 35 ndi mng'ono wake 135, komanso Fordson Major ya buluu. Penti musamukhulupirire, ndipo boneti anthu amasintha. Chimene sichinama ndi nambala. Pa Ferguson ndi Massey ili pa kachitsulo pafupi ndi chiwongolero, pa Major anaidinda pa injini penipeni.

Vaaljapie inkapangidwa ku Coventry kuyambira 1946 mpaka 1956. Zilembo za pa nambala zikuuzani chimene imamwa: TEA ndi ya petulo, TED imalizidwa ndi petulo kenako n'kuyendera palafini, TEF ndi ya dizilo. Ndi yotchipa, yopepuka, yongopitirira pang'ono tani imodzi, koma pampu yake yonyamula pulawo imazunguzidwa ndi shafiti ya PTO, ija yotulukira kumbuyo yozunguza zida monga chigayo. Mukaponda kilatchi, pulawo siikwera, ndiye pokhota kumapeto kwa munda mumavutika. Shafitiyo ndi ya 1⅛ inchi pomwe zida zambiri masiku ano zimafuna 1⅜. Yokoka ngolo ya manyowa kapena madzi ndi yabwino ndithu. Yoti muzilimira anthu pa ganyu, ayi.

Pa 35 ya dizilo m'pofunika kutsegula maso, chifukwa dzina ndi limodzi koma injini ndi ziwiri. Werengani mapaipi ochokera pa pampu ya dizilo. Akakhala anayi, imeneyo ndi injini ya Standard 23C ya 1956 mpaka 1959, yodziwika ndi kukana kulira m'mawa ikangoyamba kutha mphamvu, ndipo ndi chisanu cha mu June kuno ku Johannesburg imamaliza batire. Akakhala atatu ndi injini ya Perkins, imene anayamba kuika mu 1959, ndipo imeneyo ndiye yofunika kuisaka. 135 inabwera mu 1964 ndi Perkins yomweyo atailimbitsa, mahatchi pafupifupi 45, ndipo amakaniko ambiri kumudzi amaidziwa ngati chikhato chawo.

Pa 35 kapena 135, yesani kilatchi PTO ikuzungulira. Pa imene ili ndi kilatchi ya magawo awiri, mukaponda theka thirakitala iime koma PTO izizungulirabe, mukapondereza mpaka pansi zonse ziime. PTO ikamakukuta poilowetsa, mwina ndi kungochuna, mwina ndi mbale za kilatchi, ndipo kusintha mbale kumafuna kugawa thirakitala pakati. Ikakhala ndi Multi-Power, kandodo kosinthira liwiro pakati pa high ndi low osaponda kilatchi, dziwani kuti pa low injini siigwira thirakitala pamtsetse. Imangothamanga yokha ndi ngolo yodzaza kumbuyo.

Major, ya ku Dagenham kuyambira 1952 mpaka 1964, ndi ng'ombe yokoka: masilinda anayi, malita 3.6, kulemera kopitirira matani awiri. Pa dothi la makande imaisiya 35 kumbuyo. Koma zoyambirira sizisintha zokha kuzama kwa pulawo dothi likalimba. Zimenezo zinadza ndi Super Major mu 1960, pamodzi ndi loko wa difu, womanga mawilo akumbuyo kuti azizungulira limodzi. Nthenda ya Major ndi mphira za pansi pa ma liner (mapaipi amene mapisitoni amayendamo), zikauma madzi amatsikira mu oyilo. Solani dipisitiki, oyilo akaoneka ngati tiyi wamkaka mudziwe kuti injini iyenera kumasulidwa.

Iliyonse mwa zitatuzi, muuzeni wogulitsa asailize inu musanafike, ndipo mukafika gwirani injini ndi dzanja. Ikakhala yofunda, achimwene, pali chimene akubisa. Utsi woyera wongotuluka polira n'kutha si mlandu. Wa buluu wosalekeza ndi oyilo amene akupsa. Kautsi kakuda ikamakoka katundu kasakuopseni kwambiri, chifukwa mzinda uno uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 ndipo mpweya ndi wochepa. Thirakitala yomweyo ikafika ku Salima kapena ku Chikwawa imapeza mphamvu. Mangirirani pulawo kumbuyo, inyamule, muzimitse injini. Ikagwa nthawi yomweyo kapena ikamanjenjemera injini ikulira, silinda kapena pampu yonyamulira yatha. Suzumirani mkati mwa mawilo akumbuyo: oyilo akamatsikira pamenepo ndiye kuti wanyowetsa kale mabuleki. Matayala akumbuyo ong'aluka muwawerengere pamtengo, sagulika ndi ndalama ya matemba.

Wofuna thirakitala imodzi yolimira, yokokera ngolo ndi yopukusira chigayo atenge 135 kapena 35 ya mapaipi atatu, ngakhale penti atayoyoka. Ngati ikupita kumudzi, nambala ya pa risiti ifanane chilembo ndi chilembo ndi ya pa thirakitala, apo ayi idzagona pa Beitbridge kapena pa Mwanza lole ikuwerengera masiku.