Njati ya miyendo itatu, koma mwendo wachinayi anachita kuupala ndi tupa

Ndikupereka nyenyezi zitatu, ndipo zonsezo ndi za mwiniwake wa bizinesi yogulitsa ndalama zakaleyi. Mnyamata amene amayankha mauthenga sindikumupatsa ngakhale imodzi.

Kwa ogulitsa amenewa ndinagula ndalama yachitsulo ya ku America ya masenti 5, ya 1937 yachilembo D, ija ya njati ya miyendo itatu. Mtengo wake ndi wokwera, ine ndinausungira miyezi ingapo. Katundu anafika pa nthawi yake atakutidwa bwino, pamenepo ndilibe nawo mawu.

Kandalama kameneka kamadula chifukwa cha cholakwa chimene chinachitikira kufakitale yosula ndalama ya ku Denver, dzina limene chilembo D chija chimaimira. Chidindo china chinali ndi zipsera, ndiye pochisalaza anachipala mopitirira muyeso mpaka mwendo wakutsogolo wa kumanja wa njati unafufutika. Za 1937-D zinasulidwa zoposa mamiliyoni 17, koma njati zolumalazi zinatuluka pa chidindo chimodzi chokhacho. Anthu otolera ndalama zakalefe timalipirira chimenecho: kuchepa kwake, ndi umboni woti chilemacho chinabadwira kufakitale.

Nditangotsegula phukusi ndinakhala pafupi ndi zenera ndi galasi langa lokuza zinthu kakhumi. Mtima unangoti myuu. Pamene panayenera kukhala mwendo panali timizere tosaoneka ndi maso, tonse tolowera mbali imodzi, ndipo malowo anali olowa pang'ono ngati munthu wakumbapo. Chiboda panalibe. Pa yeniyeni chiboda chimatsalira pansi chokha, mwendo wakumbuyo umaoneka ngati wadyedwa ndi njenjete, ndipo pansi pa mimba pamakhala timadontho totukuka totsika molunjika kudothi. Njati yangayi inali ndi mwendo wakumbuyo wonenepa bwinobwino, kunsi kwa mimba kuli see. Wina anatenga ndalama wamba n'kuipala ndi tupa.

Ndinajambula zithunzi zisanu ndi chimodzi n'kutumiza mwaulemu. Yankho la mnyamata uja ndi limene landilembetsa ndemangayi. Akuti: "Achimwene, munafuna ya miyendo itatu, werengani miyendoyo." Ndinamufotokozera za chiboda ndi timadontho tija, iye n'kundiuza kuti mwina ndasinthanitsa ndi ina yanga kuti ndiwabere. Ine, amene ndatolera ndalama zimenezi zaka zoposa khumi, kutchedwa wakuba! Kenaka anangoti zii masiku anayi, mauthenga akuoneka kuti awerengedwa. Munthu wogulitsa zinthu zotere asakudziwa kusiyanitsa cholakwa cha chidindo ndi chilonda cha tupa, akuchita chiyani pa ntchitoyo? Ndalama yopalidwa siifika ngakhale pa mtengo wa inzake wamba yosawonongeka.

Tsiku lachisanu anandiimbira ndi bambo eni ake, munthu wachikulire wolankhula mofatsa. Sanazungulire. Anati aona zithunzi zija ndipo ndikunena zoona, ndalamayo inabwera m'gulu la zina zambiri zimene anagula pamodzi, ndipo inaikidwa pa malonda iwo asanaiyang'ane ndi galasi. Ndinaibweza pa ndalama zawo, ndipo zanga zonse zinabwerera pasanathe sabata.

Tinacheza pafupifupi theka la ola, ndipo apa ndi pamene mkwiyo unayamba kuphwa. Bambowa amaidziwa ntchito yawo. Anandichenjeza za senti ya nkhope ya Pulezidenti Lincoln ya 1909-S VDB (VDB ndi zilembo zoyamba za dzina la amene anaijambula), imene inasulidwa 484,000 yokha ku San Francisco: akathyali amatenga ya ku Philadelphia, yomwe ilibe chilembo, n'kumatapo ka S. Anatchulanso senti ya 1955 ya zilembo zobwereza, imene mawu oti LIBERTY ndi chaka chake zimaoneka kawiri popanda galasi, kuti ambiri amaisokoneza ndi ina ya chaka chomwecho yomwe nambala 5 yomaliza imangooneka yamthunzi chifukwa chidindo chinali chitatha. Ndinawafunsa kuti nanga mnyamata wawo bwanji zimenezi sazidziwa. Anangopuma mozama n'kunena kuti akambirana naye.

Malonda a njati ija anawachotsa pa tsamba lawo tsiku lomwelo, ndinachita kukaona ndekha. Ndalama zawo wamba ndi zabwino, ndipo zitatu zimene ndinagulako chaka chatha sizinatsukidwepo, zili ndi khungu lake lakale, chinthu chimene ndimachilemekeza kwambiri poti yotsukidwa imagwa mtengo nthawi yomweyo. Ndidzagulakonso. Koma ikakhala ya mtundu wosowa, ndizifuna yotsekeredwa kale m'kachikombole ka pulasitiki ka PCGS kapena NGC, makampani oyeza ndi kutsimikizira ndalama zakale, yokhala ndi giredi yake pa sikelo ya 1 mpaka 70 ndi nambala yoti nditsimikize ndekha pa intaneti ndisanalipire. Mnyamata uja mpaka lero sanandipepese.