Player's Handbook ya Dungeons & Dragons: yokoma pa nkhondo, yolephera pa nkhani za njala ndi ufiti

Bukuli ndi la malamulo a mtundu wachisanu wa masewera a patebulo a Dungeons & Dragons, ndipo linatuluka mu 2014. Tinasonkherana ndi anzanga a kuno ku Ulongue, ndipo msuweni wa mnzathu amene amagwira ntchito ku Johannesburg ndiye anatibweretsera. Lathu ndi la Chingerezi, ngakhale la Chipwitikizi lomwe anamasulira ku Brazil likanatipepukira, poti ambirife sukulu tinaphunzira m'Chipwitikizi. Chikuto chake n'cholimba, layenda m'chikwama pa shapa mpaka ku Tete koma tsamba silinathothoke. Dayisi ya mbali 20 simungaipeze pamsika pano, ena amangogwiritsa ntchito ya pafoni. Ndikulipatsa nyenyezi 3 mwa 5.

Kwa amene sanaseweko: mmodzi amafotokoza nkhani, enawo aliyense amakhala munthu wa m'nkhanimo, ndipo dayisi imagamula ngati chomwe wayesa chatheka. Nkhani ikakhala ya ngwazi zolowa m'phanga kukamenyana ndi zinjoka, malamulowa amagwira bwino kwambiri. Aliyense amadziwa nthawi yake yoponya, mphamvu zimakwera kuyambira gawo 1 mpaka 20, ndipo mnyamata wathu wamanyazi amafuula ndithu mfiti yake ikafika gawo 5 n'kuponya Fireball (matsenga a mpira wa moto), madayisi 8 a mbali 6 akugubuduka pamphasa. Masewerawa anayamba mu 1974 ndi Gary Gygax ndi Dave Arneson, ochokera m'masewera a nkhondo, ndipo chiyambi chimenecho chimaonekabe tsamba lililonse.

Vuto linabwera nditalemba nkhani ya kwathu: mudzi wa m'mapiri, mvula yakana, nkhokwe zauma, ndipo anthu akunong'onezana kuti wina wamanga mvula. Ndinkafuna mantha, kukayikirana pakati pa abale, munthu kugona ndi njala kuti mwana adye. Koma m'bukumo muli matsenga a gawo loyamba otchedwa Goodberry, otulutsa zipatso 10, chimodzi chokha n'kukhutitsa munthu tsiku lathunthu. Njala ya osewera inathera pomwepo. Mlandu utafika pabwalo la amfumu, wosewera ngati wansembe anaponya Zone of Truth, yomwe imaletsa aliyense amene yamugwira kunama kwa mphindi 10. Temberero lomwe agogo a m'nkhanimo anakhala nalo zaka zambiri limachoka ndi matsenga otchedwa Remove Curse, kungomukhudza wotembereredwayo basi. Wolasidwa ndi mkondo akagona maola 8 amadzuka wathanzi. Osewera sanalakwe kanthu, anatsata zolembedwa. Kungoti m'nthano zathu matsenga amachitika mobisa, amalipiritsa mwini wake modula, ndipo palibe amadziwa malire ake. Muno matsenga ali ngati katundu wa mugolosale, chilichonse chili pa shelefu ndi mtengo wake.

Nthano za Kalulu nazonso zimavuta. Iye amapambana ndi pakamwa, koma bukuli lili ndi mutu wonse wa nkhondo ndi masamba ambirimbiri a matsenga, pamene kunyenga Njovu kumathera pa kuponya dayisi kamodzi. Za gule wamkulu sitinaziikemo n'komwe, zimenezo si zoseweretsa patebulo.

Pa nkhani zoterezi tinasamukira ku masewera ena otchedwa Fate Accelerated a kampani ya Evil Hat, kabuku kakang'ono ka mu 2013 komwe tinakasindikiza pa fotokope. Kumeneko munthu amafotokozedwa ndi mawu, monga "mwana wamasiye amene mudzi umamukayikira", ndipo mawuwo amamuthandiza pena, pena amamugwetsa m'mavuto n'kulandirapo pointi yoti adzagwiritse ntchito mtsogolo. Bwalo la amfumu lija linatenga madzulo onse, anthu akutsutsana mochokera pansi pa mtima. Koma okonda kuwerengera mabala ndi kukwera magawo anaona kuti n'kopepuka, ndipo awiri anapempha kuti tibwerere ku zinjoka.

Amene muli nalo kale buku la Dungeons & Dragons ndipo mukufuna nkhani yowawa, mu Dungeon Master's Guide ya 2014, buku la wofotokoza nkhani, muli lamulo lina loti kupuma kochiritsa mabala onse kuzitenga masiku 7. Limathandiza pa mabala, koma Goodberry ndi Zone of Truth muyenera kugwirizana ndi osewera kuti muzichotse musanayambe, ndipo musawalole kupitirira gawo 4.