Boti ya snorkeling ku Cape Maclear, guide wake ndi dolo

Amene mukufuna kukapanga snorkeling (kusambira mutavala magalasi oonera pansi pa madzi) nkuona mbuna, tinsomba tamawangamawanga tokhala m'miyala, ku Thumbi Island, maboti a anyamata a pa Chembe ali bho ndithu, ndikuwapatsa 4 pa 5. Mtengo mumanenerera, life jacket amapereka, koma magalasi osambira nawo aja ndi okalikakalika ndipo ena amalowa madzi, ngati muli ndi anu nyamulani.

Chinandigwira mtima ndi guide wathu, mnyamatayo nyanja amaidziwa. Anationetsa momwe mbuna zimathawira, ukangogwedeza dzanja mwadzidzidzi zonse balala kukabisala m'ming'alu ya miyala, paja zimadalira maso kuti zione adani. Ndiye amati kukagwa chimvula ngati cha Freddy mu 2023, mitsinje imakokolola dothi nkukathira m'nyanja, madzi amachita mbuu, kansomba kamazindikira mdani atafika kale pamphuno. Pomwe kampango alibe nazo ntchito, iye amasaka usiku ndi ndevu zake zija, madzi akuda kwa iye ndi phwando. Anawonjezeranso kuti madzi akamatentha oxygen amachepa, nsomba imatopa msanga pothawa, ndipo apa sananame, si nkhani zongosangalatsa alendo ayi.

Zoti anyamata a boti amaponyera nkhwazi nsomba zija ine ndimaziona ngati show chabe, ngakhale kuiona ikutsika mumtengo mluzu ukangolira nkudzatola nsomba ndi zikhadabo kumakomabe. Pitani chilimwe madzi ali mbee, miyezi ya mvula mukhoza kungotaya ndalama, komanso konzekerani fee ya national park, imakhala yapadera.