Khanda likadwala chimfine: kulisamalira pakhomo kapena kupita nalo kuchipatala

Chiperoni chikakuta minda ya tiyi ku Thyolo mu June ndi July, chimfine chimalowa m'makomo ambiri, ndipo mayi wa khanda amakhala ndi njira ziwiri.

Yoyamba ndi kulisamalira pakhomo, kuliyamwitsa pafupipafupi, kulifunditsa ndi kulipukuta mamina. Zimenezi zimakwanira pokhapokha ngati mwana akuyamwa bwino ndipo thupi silikutentha. Aspirin asapatsidwe ngakhale pang'ono.

Yachiwiri, yopita kuchipatala, imadya ndalama ya kabaza komanso tsiku la ntchito kuesiteti, komabe ine ndimaiikira kumbuyo, chifukwa khanda losakwana miyezi 2 limafooka msanga, ndipo chimfine chingathe kubweretsa chibayo mayi asanazindikire. Thupi likatentha kufika madigiri 38, mwana akakana bere, kapena mukaona pansi pa nthiti pakulowa mkati kwambiri pamene akupuma, musadikire kuti kuche. Achipatala amamuyeza, amamuika pa okosijeni ngati akubanika, ndiponso amamupatsa mankhwala a chibayo, zomwe pakhomo sizingatheke.

Katemera wa chimfine saperekedwa kwa mwana wosakwana miyezi 6, choncho achibale amene akutsokomola ayambe achira asanamunyamule.