Zitenje za malemu amayi zili pakhoma tsopano: za mayi wosoka wa kuseri kwa msika wa Zomba

Amayi atatisiya tinagawana zovala zawo patatha mwezi, monga zimakhalira. Madiresi anatenga azakhali, nsapato zinapita kumudzi, ine ndinatsala ndi sutikesi yachitsulo imene munali zitenje 23. Zina sanazivalepo n'kamodzi komwe, zinali zikadali ndi kapepala komata ka kusitolo. Zina zinali zitaperepeseka pakati chifukwa choberekera ana, kuyambira ifeyo mpaka adzukulu. Sutikesiyo inakhala pansi pa bedi zaka ziwiri. Kuzivala sindikanatha, kupatsa anthu mtima sunkalola. Tsiku lina nditatsegula ndinapeza kuti chinyezi cha ku Zomba kuno chayamba kale kuika timadontho takuda pa zitenje ziwiri zapansi, ndiye ndinadziwa kuti ndikapitiriza kuzengereza ndidzataya zonse.

Mnzanga wa kukwaya ndiye anandilozera kwa mayi wina amene amasoka kuseri kwa msika. Pakhomo palibe chikwangwani. Ndi chipinda chimodzi, muli makina awiri, Singer wakale wopalasa ndi phazi ndi ena amagetsi, tebulo lodulirapo, nsimbi yamakala pakhonde, ndi mtsikana mmodzi wothandizira. Ntchito imene imawadyetsa ndi mayunifomu a sukulu ndi zovala za zinkhoswe. Zolumikiza zigambazi amasoka pokhapokha munthu akaitanitsa, ndipo zimenezi muzisunge m'mutu chifukwa zikukhudza dandaulo langa lalikulu.

Ine ndinapita ndi maganizo a bedikava. Ndinkafuna adule timabokosi tofanana, alumikize, basi, ngati zimene timaona zikugulitsidwa kwa alendo kunyanja. Mayiwo anakhuthula sutikesi yonse patebulo, n'kuyamba kugwira chitenje chimodzichimodzi, kuchikoka pang'ono, kuchiunika padzuwa la pakhomo. Anatenga nthawi moti ndinayamba kuyang'ana wotchi. Kenako anati, "Amayi, bedikava ndikhoza kusoka, ndalama yanu ndilandira. Koma izi zatopazi mukazichapa kanayi zing'ambika, zatsopanozi zitsala. Mudzabwera kudzandinena." Ndinafunsa kuti nanga titani. Anandifunsa ngati malemuwo ankakonda maluwa. Ndinaseka, chifukwa amayi anga maluwa a m'mphika ankati n'zochita anthu osowa ntchito. Chimene ankadziwa iwo ndi dimba. "Ndiye tisoka dimbalo," anatero, "likhale la pakhoma, losachapachapa."

Kunena zoona ndinachoka ndili wokhumudwa pang'ono. Munthu ukapita kwa telala umafuna achite zimene wanena. Koma pa zonse zimene ndinalipira, kukanidwa kumeneku n'kumene kunali kwa phindu.

Asanadule kanthu anasiyanitsa kaye nsalu. Ankasolola kaulusi m'mphepete mwa chitenje n'kukayatsa ndi machesi. Ka thonje kamapsa ngati pepala n'kusiya phulusa lofewa, ka pulasitiki kamasungunuka n'kuuma kukhala kampira kakuda. Zitenje zisanu zinalephera mayeso amenewa ndipo anandibwezera, akuti zimaterera pa makina, sizimva nsimbi, komanso sizifupika pochapa pamene za thonje zimafupika, ndiye ukaziphatikiza ntchito yonse imakwinyika. Zimene anaziyamikira kwambiri ndi zakale za ku fakitale ya David Whitehead ya ku Blantyre, zolembedwa Whitex m'mphepete. Amayi anali nazo zisanu ndi chimodzi. Anazigwira ngati akupatsa moni munthu amene anasiyana naye kalekale.

Chimene ndinalandira pamapeto pake ndi nsalu ya sentimita 120 mulitali ndi 90 mulifupi. Ili ndi magawo atatu: pamwamba pali chithunzicho, pakati anaika bulangete lopyapyala la pakaunjika limene analichapa bwinobwino, kumbuyo kuli chitenje chathunthu. Kumwamba kwake anasokerako kamphako kolowetsamo nsungwi yopachikira.

Maziko a chithunzicho, nthaka ndi thambo, analumikiza ndi timizere ta nsalu tosafanana kukula. Pansi pali zofiirira ndi zakuda, kukwera m'mwamba zikumka ziwala mpaka zabuluu wotuwa. Buluu wotuwayo anamupeza mochenjera. Anatembenuza chitenje china n'kugwiritsa ntchito kumbuyo kwake, kumene mtundu sunalowerere kwenikweni. Ine ndikanati chitenje chimenecho chatha ntchito.

Pamwamba pa mazikowo ndi pamene pali maluwa. Pali mpendadzuwa atatu, wina wayang'ana kumbali. Pali dzungu loyanga pansi, ndi maluwa ake achikasu ooneka ngati lipenga, amene amayi ankathyolera limodzi ndi nkhwani. Ndiye pali duwa la therere lobala, limene ndimaima n'kumaliyang'ana tsiku lililonse. Amene munalimapo therere mukudziwa kuti duwa lake ndi lachikasu chotuwa, koma pakatikati pali kadontho kofiira moderapo ngati magazi ouma. Mayiwa anadula timasamba tisanu ta duwalo pa chitenje chimene amayi ankavala popita kuchigayo, kachikasu kake katasuluka kale ndi dzuwa, ndipo kofiira kapakatiko anakadula pa duwa losindikizidwa la chitenje china, anachita kusankha malo enieni amene utoto wake ukuchoka pa kufiira kupita pa kuda. Kansalu kake n'kochepa kuposa ndalama ya K10 yachitsulo. M'mphepete mwa kasamba kalikonse anapinda ndi nsonga ya singano n'kusoka pamanja, ndipo ulusi wake suoneka ngakhale mutayandikitsa maso. Kamtengo ka pakati pa duwa anakapanga ndi timfundo ta ulusi, amazunguliza ulusi kawiri pa singano n'kubayanso pomwepo. Ndinawerenga timfundo 31 pa duwa limodzi lokhalo. Mukapititsa chala mumamva tikukanda pang'ono ngati duwa lenileni.

Ulusi wopetera umabwera wopota tizingwe tisanu ndi kamodzi. Iwo amaugawa. Pa mitsempha ya masamba a dzungu anagwiritsa tizingwe tiwiri, pa mapesi a mpendadzuwa tonse tisanu ndi kamodzi, msoko wa tcheni, kuti phesi lioneke lonenepa. Timayangayanga ta dzungu topotana tija anatisoka ndi kachingwe kamodzi kokha, ndipo tikuchita kupindika ngati tikufuna pogwira.

Msoko wogwirizitsa magawo atatu aja anausoka pa makina opalasa. Sanadutse mizere yoongoka ngati ya pa matiresi. Anazungulira duwa lililonse, kenako n'kuzunguliranso patali pang'ono, n'kumapita choncho, ngati mizere yotsata akalozera m'munda wotsetsereka. Zotsatira zake n'zoti maluwa amatukuka, maziko amakhala pansi. Madzulo dzuwa likalowera pa windo la kumadzulo timithunzi timaoneka m'mizeremo ndipo chinthu chonse chimasintha.

Panali zitenje ziwiri zimene ndinkada nazo nkhawa. China ndi cha nkhope ya Kamuzu, cha nthawi imene amayi ankavina nawo ngati mbumba, kaya mofuna kaya mokakamizidwa, sanatiuzepo bwinobwino. China ndi cha ulendo wa Papa John Paul II kuno mu May 1989, chimene ankachisunga ngati ndalama. Cha Papa mayiwo anakana kudula. Anachiika chathunthu kumbuyo, moti ndikatembenuza ndimachiona monga chinalili. Cha Kamuzu anadulako zobiriwira za m'mbali n'kupangira masamba a mpendadzuwa, nkhope anandibwezera ili bwinobwino, yopindidwa mwaulemu m'jumbo. Anati, "Nkhope ya munthu sindidula, kaya ndi ndani." Sindinatsutse.

Tsopano madandaulo, chifukwa alipo ndipo si ang'ono.

Tinagwirizana milungu isanu ndi umodzi. Ndinalandira patatha miyezi inayi ndi theka. Ndinapereka ntchitoyi mu July, ndipo September atayandikira, sukulu zikutsegulira, nsalu yanga inapindidwa n'kuikidwa pamwamba pa kabati, makina onse awiri ali kalikiliki ndi mayunifomu. Zimenezo ndikumvetsa, munthu sangasiye ntchito ya makolo makumi angapo chifukwa cha maluwa anga. Chimene chinandipweteka ndi kusandiuza. Kanayi konse ndinakwera kabaza kuchokera ku Matawale, ndikafika n'kumva kuti "mubwere Lachisanu, yatsala pang'ono." Foni sayankha akakhala pa makina, uthenga wa pa WhatsApp amawerenga mawa lake. Ulendo wachinayi ndinalankhula mawu owawa ndithu pamaso pa mtsikana wawo, zimene ndimachita nazo manyazi mpaka pano. Iwo sanabweze. Anangotsitsa nsaluyo pakabati n'kundionetsa pamene afika, ndipo nditaona duwa la therere lija mkwiyo unathera pakhosi. Komabe akanati kuyambira pachiyambi "amayi, izi mudzatenga mu November," sindikanataya ndalama za kabaza ndi mtima womwe.

Dandaulo lachiwiri ndi la utoto. Zitenje zakale zinali zitachapidwa kambirimbiri, panalibe vuto. Zatsopano zija anazinyika m'madzi kaye, koma chimodzi chofiira, chopanda dzina lililonse m'mphepete, zikuoneka kuti chinafunika kuchapidwa kangapo. Pomaliza anapukuta choko ndi kansalu konyowa, ndipo kufiirako kunayenderera pa buluu wa thambo, pafupi ndi mpendadzuwa wa kumanja. Ndi banga lotalika ngati chala. Sanabise, anandionetsa okha ndisanalione, ndipo anachotsako K5,000 pa mtengo. Anayesa kuliphimba popetapo kagulugufe. Kagulugufeko n'kokongola, koma amayi anga analibe nazo ntchito agulugufe, ndipo ine ndimadziwa chimene chili pansi pake. Alendo saona kanthu.

Chachitatu n'chaching'ono. Masamba awiri a dzungu a pakona ya kumanzere anasokedwa ndi zigizagi wa makina amagetsi, osati pamanja ngati enawo. Ndikuganiza kuti ndi pamene ndinawapanikiza kuti amalize. Kusiyana kwake kumaoneka: m'mphepete mwake ndi mokhuthala, ndipo nsalu inakokeka pang'ono moti kona imeneyo siigona bwino pakhoma. Pamenepa theka la mlandu ndi langa.

Mtengo tinagwirizana K90,000, ndinalipira K85,000, theka poyamba, theka potenga. Bulangete ndi ulusi zinali zawo. Mchimwene wanga atamva anati ndapenga, ndalama imeneyo pa zigamba. Koma ndinakhalapo masana ena mushopumo n'kuona mtsikana uja akupinda kasamba kamodzi ka mpendadzuwa, kusoka, mayiwo n'kuyang'ana, kumuuza asole ayambirenso chifukwa nsonga yake inabuntha. Kasamba kamodzi kanatenga pafupifupi mphindi 20, ndipo mpendadzuwa aliyense ali ndi timasamba toposa 15. Mukawerengera masiku amene anathera pamenepo, yunifomu imawapatsa phindu kuposa ntchito yangayi. Ulusi wopeterawo ndi wochokera kunja, ndipo chitsikireni mphamvu ya kwacha mu November 2023 mtengo wake sunabwererenso pansi. Sindinanenerere, ndipo amene mungapite musakanenerere ngati mukugula tomato.

Ngati mukufuna kukawapatsa ntchito yotere, chapani nokha zitenje zonse zatsopano kunyumba, chilichonse pachokha, mpaka madzi azituluka oyera, makamaka zofiira ndi zabuluu woderapo. Musapite nthawi yoti sukulu zatsala pang'ono kutsegulira, kapena December wa maukwati. February kapena March ndi bwino. Muwauze nkhani ya nsalu iliyonse, chifukwa amamvetsera ndipo amaigwiritsa ntchito. Ndinangotchula mongodutsa kuti chitenje china chobiriwira amayi ankapangira nkhata posenza mtolo wa nkhuni, ndipo ndinachipeza chitakhala tsinde limene lanyamula mpendadzuwa wamkulu. Ndipo mukapachika, pewani khoma limene dzuwa limawomba tsiku lonse, nsalu imasuluka. Yanga ndinaisuntha kale kamodzi. Fumbi ndimangokutumula pang'onopang'ono panja, sindinaichapepo ndipo sindikuganiza zoichapa.

Amene akufuna chinthu chamsanga cha mphatso ya sabata yamawa, kumeneku si kwanu. Amene akufuna chofanana ndendende ndi chithunzi cha pa Pinterest, nakonso si kwanu, chifukwa mayiwa amayang'ana chithunzicho kamodzi, n'kubweza foni, n'kuyamba kufunsa za nsalu zimene mwabweretsa.

Mchimwene wanga uja anabwera pa Khirisimasi. Anaima pabalaza ndi kapu ya thobwa, akuyang'ana, osalankhula. Kenako analoza kachigamba kofiirira pansi penipeni, m'nthaka muja, n'kunena kuti chitenje chimenecho ndi chimene amayi anamufunditsa m'basi popita kukayamba Fomu 1, ndipo sanawabwezere mpaka teremu itatha. Ine nkhani imeneyo sindinkaidziwa. Wandipempha kuti zotsala m'sutikesi ndimusokeretse yake, yaing'onopo, ya maluwa a thonje chifukwa ndi limene ankalima ndi abambo ku Balaka. Zitenje ndachapa kale kawirikawiri, chofiira chija kasanu. Ndikapereka mu February, ndipo ndamuuza kuti asandifunse mpaka dzinja linalo.