Kukaona mbalame pa phiri la Zomba ndi woperekeza alendo

Mwezi wathawu ndinapangana ndi mmodzi mwa anyamata operekeza alendo pa phiri la Zomba kuti akandionetse kambalame kamene mabuku amakatchula kuti Yellow-throated Apalis, ndipo ndalama zimene ndinalipira sindikuzidandaula. Tinakumana m'bandakucha pafupi ndi damu la Mulunguzi, nkhungu itakuta mitengo ya paini.

Woyamba kutilonjera anali pumbwa, yemwe uja wotimalizira mapapaya ndi magwafa pakhomo. Mnyamatayo sanaime n'komwe. Pumbwa amadya zipatso ndi tizilombo tomwe, ndipo anthu akagwetsa nkhalango n'kulima munda, iye amangosamukira m'mundamo, n'chifukwa chake bungwe la IUCN, loona za kuteteza zachilengedwe padziko lonse, limamuika m'gulu la mbalame zosadetsa nkhawa.

Kambalame kamene tinkafuna kalibe mwayi wotere. Sikapezeka kwina kulikonse padziko lapansi kupatula pa mapiri a Mulanje, Zomba ndi Malosa, ndipo bungwe lomwelo limakaika m'gulu la mbalame zimene zili pa chiopsezo chakutha. Kamasaka tizilombo m'masamba a mitengo yachilengedwe yosayoyola masamba, koma pa phiri lathuli mitengo yotere yatsala makamaka m'mbali mwa mitsinje ndi m'zigwa, ndipo nayonso ikutha ndi moto wolusa, ocheka matabwa ndiponso owotcha makala.

Luso la mnyamatayu lili m'makutu. Tikulowera ku mathithi a Williams, iye anangoti chilili, natukula dzanja, nandinong'oneza kuti, "Bambo, yang'anani panthambi yachiwiriyo." Ndinaona kanthu kochepa kuposa mpheta, kobiriwira kumsana, kachikasu pakhosi ndi pamimba, kali ndi mzere wakuda pachifuwa ngati kavala mkanda. Ndikanakhala ndekha ndikanabwerera nditaona apumbwa okhaokha.

Chimene sichinandisangalatse n'chakuti kambalameko katalowa m'masamba, iye anayamba kuliza kulira kwake pa foni mobwerezabwereza kuti katulukenso. Kanatulukadi, koma kali jowejowe kufunafuna mdani amene kulibe, ndipo ine ndikuona kuti mbalame yosowa chonchi siyenera kuvutitsidwa pofuna kukondweretsa mlendo. Nditamupempha kuti aleke, analeka mosanyinyirika.

Magalasi oonera patali a mnyamatayu ndi otha ntchito, diso limodzi lili mbuu, choncho amene ali ndi ake atenge. Juzi nayonso isatsale, ndipo mtengo mugwirizane musanayambe kuyenda.