Nyenyezi zinayi: chipatala chomwe chinapeza leishmaniasis mwa galu wathu

Ndikupereka nyenyezi zinayi mwa zisanu ku chipatala cha ziweto chomwe chinatulukira chimene chinkadwalitsa galu wathu Bobi. Yachisanuyo ndaisunga, ndipo ndinena chifukwa chake. Ndalemba motalikirapo poganizira anzanga oweta agalu kumadera ofunda kumene matenda a leishmaniasis, omwe amabwera ndi kachilombo kofalitsidwa ndi tintchentche toluma, ndi ofala, monga m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean, ku Spain, Portugal, Italy, Greece, kumpoto kwa Africa, komanso ku Brazil. Ife tinataya miyezi itatu chifukwa chokhulupirira kuyeza kumodzi kokha.

Bobi ali ndi zaka 5. Zinayamba pang'onopang'ono moti poyamba sitinazilabadire. Ubweya unathothoka mozungulira maso onse awiri, kenaka nsonga za makutu zinayamba kuuma. Ukamusisita pamsana, m'manja munkatsala tinthu toyera ngati phulusa. Tonse m'nyumba tinati ndi mphere, koma chinthu chimodzi chinkandivutitsa maganizo: galu wamphere sagona tulo ndi kudzikanda, pomwe Bobi sankadzikanda n'komwe.

Kuchipatala choyamba chomwe tinapitako anatenga kadontho ka magazi n'kudontheza pa kachipangizo koyezera mofulumira, kofanana ndi kaja koyezera malungo. Patapita mphindi pang'ono panatuluka mzere umodzi. Anatiuza kuti alibe leishmaniasis, natipatsa sopo wamankhwala womusambitsira. Ndinabwerera kunyumba mtima uli m'malo. Koma galuyo anapitiriza kuwonda ngakhale ankamaliza mbale yake tsiku lililonse. Zikhadabo zinatalika n'kupindika moti akamayenda pasimenti unkamva kuti khwa khwa khwa. Minofu ya pamutu inaphwa, nkhope n'kukhala ngati ya galu wokalamba. Tsiku lina m'mawa ndinapeza madontho a magazi pomwe amagona. Anali atachita kamfuno usiku. Ndi tsiku limenelo tinapita ku chipatala chomwe ndikuchilembera ndemangachi.

Chomwe chinandigwira mtima poyamba n'chakuti adokotala sanathamangire singano. Anamugwiragwira Bobi pansi pa nsagwada, kutsogolo kwa mapewa ndi kuseri kwa maondo, kenaka anatenga dzanja langa n'kuliika pomwe panali chotupa kuti ndimve ndekha. Anabele anali atatupa ponseponse, ine osadziwa. Anayang'ana m'maso ndi nyali, nayang'ananso nkhama. Mafunso awo anali achindunji: galu amagona panja kapena m'nyumba, amavala lamba wam'khosi wothamangitsa tizilombo kapena ayi, ndiponso ngati analandirapo katemera wa leishmaniasis. Funso lomalizali linandidabwitsa, ndiye anandifotokozera kuti akatemera ena amachititsa kuti magazi aoneke ngati muli matenda pamene mulibe, choncho ayenera kudziwa asanawerenge zotsatira.

Nditawauza za kachipangizo kaja, sananyoze anzawo. Anangoti, "Mayi, kameneko kamathandiza, nafenso timakagwiritsa ntchito. Koma kamangoyankha kuti inde kapena ayi, ndipo asilikali a m'thupi akakhala ochepa kakhoza kuwaphonya." Apa m'pomwe ndinamvetsa kuti kachipangizoko sikafufuza kachilombo kenikeniko. Kamafufuza asilikali omwe thupi lapanga polimbana nako, ndipo asilikaliwo amatha kutenga miyezi asanachuluke. Kuyambira pomwe galu walumidwa mpaka kuonetsa zizindikiro pamatha kupita miyezi ingapo, mwinanso zaka.

Kachilomboko dzina lake ndi Leishmania infantum. Kamafalitsidwa ndi tintchentche toluma totchedwa sandfly, tating'ono kuposa udzudzu, mamilimita awiri kapena atatu basi, touluka mwakachetechete kuyambira madzulo mpaka mbandakucha. Ku Ulaya ndi ku Africa kuno ndi ta mtundu wa Phlebotomus, pomwe ku America ndi ta Lutzomyia. Bobi ankakonda kugona pakhonde nyengo yotentha, ndipo ife tinkamulola chifukwa m'nyumba munkamutentha.

Anatenga magazi ochulukirapo n'kutumiza ku labotale kuti akayeze ndi njira ya IFAT, yomwe imanena kuchuluka kwa asilikaliwo. Ananena kuti njira ya ELISA imagwiranso ntchito yomweyo. Chofunika ndi chiwerengero: chikapitirira malire a labotale katatu kapena kanayi, galuyo n'kukhalanso ndi zizindikiro, ndiye kuti matenda atsimikizika. Chikangodutsa malirewo pang'ono, pamafunika umboni wina.

Umboni winawo anaufufuza tsiku lomwelo. Anabaya mwanabele wa kuseri kwa bondo ndi kasingano kowonda, Bobi n'kungotembenuza mutu osalira. Timadzi tomwe tinatuluka anatipaka pagalasi, nathira utoto, n'kuika pa maikulosikopu. Patapita kanthawi anandiitana kuti, "Bwerani mudzaone nokha." Ndinasuzumira. Panali selo limodzi lalikulu, ndipo m'kati mwake munali timadontho tofiirira tambirimbiri, tozungulira, kalikonse kali ndi kakadontho kena kakang'ono pambali. Anati timeneto ndiye tizilomboto, tabisala m'kati mwa maselo omwe ntchito yake ndi kumeza ndi kupha tizilombo. Ndinaima pamenepo misozi ili m'maso, chifukwa chomwe chinkadya galu wanga miyezi yonseyo ndinali nditachiona ndi maso anga. Anandiuza kuti akanapanda kuona kanthu pagalasipo sakanatibweza, chifukwa nthawi zina tizilomboto timakhala tochepa. Akanatumiza timadzito kukayeza PCR, njira ya ku labotale yofufuza DNA ya kachilombo kenikeniko, ndipo PCR imakhoza bwino pa timadzi ta mwanabele kapena mafuta a m'mafupa kusiyana ndi pa magazi.

Gawo lomwe ndikuliyamikira koposa onse ndi la mkodzo. Ine ndinkaona ngati vuto la Bobi ndi la pakhungu, koma adokotala anati chomwe chimapha agalu ambiri pa matendawa ndi impso. Asilikali ochuluka aja amamatirirana ndi tizidutswa ta tizilombo, n'kukatsakamira mu impso, impsozo n'kuyamba kutayira mapuloteni mu mkodzo. Izi zimayamba galu akuonekabe wamphamvu. Anayeza mapuloteni a mu mkodzo powayerekezera ndi creatinine (zinyalala zomwe impso zimachotsa m'magazi), muyezo womwe amautcha UPC, ndipo anati kwa galu ukapitirira 0.5 ndiye kuti impso zayamba kutaya. Wa Bobi unali utadutsa pang'ono, koma creatinine wa m'magazi anali adakali bwino. Magazi anaonetsanso kuti anali ochepa pang'ono m'thupi, mapuloteni a m'magazi otchedwa globulin atakwera, otchedwa albumin atatsika. Pogwiritsa ntchito magawo anayi omwe linakonza gulu la akatswiri lotchedwa LeishVet, anamuika Bobi m'gawo lachiwiri, ndipo anandiuza mosabisa kuti tikanachedwa n'kufika gawo lachitatu kapena lachinayi, nkhani ikanakhala ina. Anamuyezanso ehrlichiosis, matenda obwera ndi nkhupakupa, omwe amabweretsanso kamfuno ndipo amatha kukhala limodzi ndi leishmaniasis. Amenewo sanapezeke.

Tili ndi galu wina wamkazi, ndipo anatipempha kuti tibwere nayenso. Iye anapezeka ndi asilikali ochepa, thupi lili bwinobwino, mkodzo ulibe vuto. Ndinkayembekeza kuti amulembera mankhwala ngati a mnzakeyo, koma anakana. Anati kumadera ngati ano agalu ambiri ali nako kachilomboka koma sadwala, ndipo kukhala ndi kachilombo n'kosiyana ndi kudwala. Anangoti tizimuyang'anira n'kubwera naye kudzayezanso pakapita miyezi ingapo. Ndinawalemekeza kwambiri pamenepa, chifukwa akanatigulitsa mankhwala ife sitikanatsutsa.

Ndinafunsanso za ana, poti matendawa amagwira ndi anthu omwe. Anandikhazika mtima pansi kuti kusisita galu kapena kunyambitidwa sikupatsira matendawa. Ntchentche ija ndi yomwe imatenga kachilombo pa galu n'kukaluma munthu, ndipo omwe ali pachiopsezo kwambiri ndi ana aang'ono ndi anthu omwe chitetezo chawo cha m'thupi chatsika. Nkhani yoti agalu ndiwo amasunga kachilomboka inadziwika kalekale, mu 1908, pomwe Charles Nicolle anakapeza mwa agalu ku Tunis. Pachifukwa ichi agalu athu onse awiri tsopano amavala lamba wam'khosi wokhala ndi mankhwala othamangitsa tizilombo otchedwa deltamethrin, ndipo dzuwa likangolowa amalowa m'nyumba.

Mankhwala a Bobi anali jakisoni wa meglumine antimoniate wobaya pansi pa khungu tsiku lililonse kwa masabata anayi, pamodzi ndi mapiritsi a allopurinol kawiri patsiku kwa miyezi yosachepera 6. Anatiuzanso kuti palinso miltefosine wakumwa kwa masiku 28, koma kwa Bobi anasankha jakisoni. Namwino anandiphunzitsa kubaya moleza mtima, kutsina khungu la pakhosi n'kumasinthasintha malo kuti pasatupe. Sanatinamize kuti achira kotheratu. Anati mankhwalawa amachepetsa tizilombo ndi kuthetsa zizindikiro, koma tina timatsalabe ndipo matenda akhoza kubwerera. Anachenjezanso kuti allopurinol amatha kupanga timiyala mu mkodzo, n'chifukwa chake mkodzo amauyeza ulendo uliwonse.

Tsopano za nyenyezi yachisanu ija. Zotsatira za ku labotale anati zibwera pakatha masiku atatu, koma zinatenga sabata yopitirira, ndipo palibe amene anatiimbira foni kutiuza kuti zachedwa. Ndinkaimba ndine, tsiku ndi tsiku, galu akuwondabe pamaso panga. Zitafika anangonditumizira pepala lodzaza manambala ndi zilembo zachidule popanda mawu ofotokoza, ndipo ndinagona usiku wonse ndili ndi nkhawa ndi zomwe sindinkazimvetsa mpaka nditakumana ndi adokotala mawa lake. M'chipinda choyezera amafotokoza bwino kwambiri, koma kuofesi yolandirira anthu ayenera kukonza kalumikizidwe kawo ndi eni ziweto.

Lero papita miyezi inayi chiyambire mankhwala. Ubweya wamera mozungulira maso, kamfuno sanabwerenso, ndipo nthiti zomwe zinkawerengeka zakwiririka. Zikhadabo timazidulabe pafupipafupi. Pa kuyeza komaliza UPC anali atatsika pansi pa 0.5. Tibwererako miyezi iwiri ikubwerayi kukayezanso IFAT, ndipo tidzatenga agalu onse awiri.